Kwalembedwa, koma kwalembedwanso: vesi pa mikangano yathu kuno ku Joni

Lamulungu lina masana tinasonkhana m'galaja ya nyumba ina ku Rosettenville, ife a gulu lothandizana pa maliro. Mwezi ndi mwezi aliyense amasonkha kangachepe kuti wina akatisiya, thupi lake likagone kwawo. Tsikulo nkhani inali yolemera. Mnyamata wina wa kwathu anali atamwalira, koma m'kaundula wa msungichuma munaoneka kuti anasiya kusonkha miyezi isanu m'mbuyomo. Ntchito inamuthera, iye osauza munthu. Malamulo a gulu amati ukadumpha miyezi itatu wadzichotsa wekha.

Woyamba kuyankhula anali bambo wina, mkulu wa mpingo. "Abale, tisanamizane. Paulo anauza Atesalonika kuti wosafuna kugwira ntchito asadyenso. Amene sanafese sangakolole." Mayi wina sanadikire kuti apatsidwe mpata. "Bambo, kodi Msamariya uja anayamba wafunsa khadi la gulu asanamange mabala a munthu anamupeza pamsewu?" Achimwene ena a ku Mangochi, ogwira ntchito m'sitolo ku Mayfair, anati kwawo m'Chisilamu kusambitsa ndi kuika maliro ndi udindo wa otsala onse, ndipo akasowa wochita zimenezi mlandu umagwera mudzi wonse. Kenaka mnyamata wina wa sukulu, amene anali chete pakona, anadzuka. "Akuluakulu, pepani. Malamulo tinalemba tokha, tinasayina tokha. Mavesiwa akulowa bwanji pa nkhani ya ndalama za gulu?"

Ena anang'ung'udza kuti mwanayu alibe mwambo. Ine funso lake ndinapita nalo kunyumba, chifukwa ndi funso loona, ndipo limabwera paliponse pamene Amalawi takhala pansi kuno: pa nkhani ya mapepala, ya kulanga ana, ya ukwati umene ukugwedezeka chifukwa mwamuna ali ku Joni mkazi ali ku Mzimba. Ndine munthu wopemphera, mavesi ndimatchula nanenso. N'chifukwa chake ndikufuna tione bwino chimene timachita tikamatchula vesi, ndiponso pamene vesilo lili ndi malo.

Chifukwa choyamba n'chosabisika, ngakhale anthu ophunzira amakonda kuchilumpha. Wokhulupirira amatchula malemba chifukwa amakhulupirira kuti ndi mawu a Mulungu. Kwa iye vesi si chokometsera nkhani ayi, ndi pamene nkhaniyo yatsamira. Mukamuuza kuti asiye Baibulo kapena Qur'an pakhomo polowa m'zokambirana, akumva ngati mwamuuza kuti ayankhule koma asanene chimene chili mumtima mwake. Ndipo anthu otere si ochepa. Kalembera wa 2018 ku Malawi anapeza kuti pa anthu 100 aliwonse, pafupifupi 77 ndi Akhristu ndipo pafupifupi 14 ndi Asilamu. Kalembera wa 2022 kuno ku South Africa anapeza Akhristu pafupifupi 85 pa 100. Mukakwera takisi ku Bree, wokhala naye mpando umodzi mwina si wa mpingo wanu, koma nkhani ya Yosefe ndi abale ake akuidziwa.

Palinso mbiri ya momwe tinaphunzirira kuwerenga. Sukulu zoyamba kwathu zinali za amishoni: Livingstonia, Blantyre, Likoma, Nkhoma, Mua. Buku Lopatulika linatuluka lathunthu mu 1922, ntchito yomasulira itatsogozedwa ndi William Murray wa mishoni ya Dutch Reformed, ndipo m'nyumba zambiri za agogo athu buku linali lokhalo. Mwana ankaloweza mavesi ku Sande sukulu ndi ku kalasi asanadziwe n'komwe kulemba kalata. Mnzake wa ku Machinga ankaloweza masura ku madrasa. Zimene munthu waloweza ali wamng'ono ndi zimene zimatuluka msanga mtima ukatentha. Ngakhale Buku Loyera linabwera mu 1998 ndi Chichewa chosavuta, anthu ambiri akafuna kuti mawu alemere amabwererabe ku kalankhulidwe ka Buku Lopatulika, ka "indetu indetu ndinena kwa inu".

Koma ine ndimaona kuti muzu wake ndi wakale kuposa amishoni. Pabwalo la mfumu munthu sayankhula m'dzina lake yekha. Amati, "Akuluakulu anati," n'kuponya mwambi. Mwambi umachotsa nkhani m'manja mwa anthu awiri okangana n'kuiika m'manja mwa makolo, kotero wogonja sachita manyazi kwambiri, pakuti wagonjera nzeru za akale osati mnzake. Umathandizanso wamng'ono kudzudzula wamkulu popanda kumuloza chala. Mayi aja m'galaja muja sakanatha kuuza mkulu wa mpingo kuti, "Bambo, mulibe chifundo." Anamufunsa za Msamariya, ndipo aliyense anamva. Vesi linalowa pamalo pa mwambi, ndipo likugwira ntchito imene mwambi unkagwira.

Kuno ku Joni chinthu chimenechi chimakula. Kumudzi mkangano uli ndi kopita: kwa ankhoswe, kwa mwinimbumba, kwa anyakwawa. Onsewa anatsala tsidya la Beitbridge, malire a South Africa ndi Zimbabwe. M'chipinda chimodzi cha lendi ku Yeoville mungapezeke Mchewa wa ku Dedza, Mtumbuka wa ku Rumphi, Myao wa ku Mangochi ndi Mtonga wa ku Nkhata Bay, aliyense ndi miyambo yake, palibe mfumu ya onse. Mphunzitsi wa kwathu akugwira ntchito ya m'dimba la bwana ku Randburg, ulemu wake unatsala kumudzi. Wamkulu yekhayo amene anawoloka nafe malire, amene ambiri timamuvomereza, ndi buku. Munthu amene sabata yonse amangoyankha kuti "inde bwana" akatsegula Baibulo Lamulungu amakhala ndi mawu amene ena ayenera kuwamvera. Ndaona Amalawi akupemphera pa phiri la Yeoville, ena atavala zoyera ku Melville Koppies pamodzi ndi anzathu a kuno ndi a ku Zimbabwe, ndipo sindidabwa kuti m'mavuto a kuno munthu amagwira vesi ngati ndodo.

Chifukwa chotsiriza n'chowawa. Nthawi zina vesi limatulutsidwa kuti litseke pakamwa. Funsani za ndalama za mpingo, mudzamva Salimo 105, lakuti musakhudze odzozedwa anga. Nenani kuti mwezi uno lendi yakuvutani, mudzamva Malaki 3 ndi chakhumi. Mayi akadandaula kuti akumenyedwa, wina amamuwerengera Aefeso 5 vesi 22, za kumvera mwamuna, n'kutseka buku asanafike vesi 25 lolamula mwamuna kukonda mkazi wake monga Khristu anakonda mpingo. M'dziko muno zinafika poti anthu anadyetsedwa udzu m'tchalitchi, ena kupoperedwa mankhwala ophera tizilombo kumaso, ndipo bungwe la boma loona za ufulu wa zipembedzo ndi zikhalidwe, CRL Rights Commission, linayamba kufufuza mu 2015 za malonda a chipembedzo. Ochita zimenezi nawonso anali ndi mavesi awo.

Apa pakufunika kudziwa chinthu chimene ambiri sitinauzidwe ku kalasi. Manambala a mitu ndi mavesi sanalembedwe ndi Mose kapena Paulo. Mitu imene tikugwiritsa ntchito inagawidwa cha m'zaka za m'ma 1200, ndipo amene amatchulidwa pa ntchitoyi ndi Stephen Langton, yemwe anadzakhala bishopu wamkulu wa ku Canterbury. Mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551. Paulo ankalemba makalata athunthu, opita kwa anthu odziwika, okhala ndi vuto lodziwika. Manambala anatithandiza kupeza malo msanga, koma anatiphunzitsanso kudula kalata pakati n'kuyenda ndi chiganizo chimodzi m'thumba.

Tengani vesi la mkulu wa mpingo uja, 2 Atesalonika 3:10. Mukawerenga ndime yonse, Paulo akunena za anthu amene anali ndi mphamvu koma ankakana ntchito, n'kumangoyendayenda kulowerera za eni. Mnyamata wathu sanakane ntchito, ntchito ndiyo inamukana. Kapena tengani Yeremiya 29:11, vesi limene ambirife timalikonda, lonena za malingaliro a mtendere ndi tsogolo labwino. Limachokera m'kalata yopita kwa Ayuda amene anatengedwa ukapolo ku Babulo. Mavesi 5 mpaka 10 a mutu womwewo akuwauza kuti amange nyumba, alime minda, akwatire, afunire mtendere mzinda umene akukhalamo, chifukwa kubwerera kwawo kudikira zaka 70. Kwa munthu amene anabwera ku Joni akuti akhala zaka ziwiri, lero zakwana 15, kalata yonseyo ili ndi zambiri zomuuza kuposa vesi limodzi lija. Imamufunsa ngati mzinda uno akuufunira zabwino, ngakhale mzindawo umamutcha kwerekwere, dzina lonyozera alendo.

Asilamu ophunzira amadziwanso vuto lomweli. Aya ya Qur'an saimasulira paokha popanda kufunsa chimene chinachitika pamene inkatsika, ndi momwe Mtumiki ndi ophunzira akale anaimvera. N'chifukwa chake achimwene a ku Mangochi aja sanaponye aya imodzi, ananena chigamulo chimene mashehe amaphunzitsa.

Palibe mzinda umene ungatiphunzitse za mphamvu ndi kuopsa kwa vesi kuposa uno. Ulamuliro watsankho sunayime pa mfuti zokha. Mpingo wa azungu wa Dutch Reformed unautchinjiriza ndi malemba: nsanja ya Babele pa Genesis 11, akuti Mulungu mwini analekanitsa mitundu, ndi Machitidwe 17:26, akuti anaikira mtundu uliwonse malire a pokhala pake. D.F. Malan, nduna yaikulu imene inalowa m'boma mu 1948 ndi mfundo za tsankho, anali atakhalapo mbusa wa mpingo umenewu. Kwa ife nkhaniyi si ya patali, chifukwa amishoni amene anafika ku Mvera mu 1889, n'kudzakhazikitsa Nkhoma, anachokera mu mpingo womwewo ku Cape. Anatipatsa sukulu, chipatala ndi Baibulo m'chiyankhulo chathu, pamene kwawo abale awo ankawerenga buku lomwelo n'kupezamo chilolezo chosankhana khungu.

Ndipo buku lomwelo ndi limene linawatsutsa. Machitidwe 17:26 imayamba ndi mawu akuti Mulungu analenga mitundu yonse kuchokera kwa munthu mmodzi. Mu 1963 Beyers Naudé, mbusa wa mpingo wa Aasvoëlkop ku Northcliff konkuno, anayima paguwa n'kulalikira pa Machitidwe 5:29, kuti tiyenera kumvera Mulungu koposa anthu. Ubusa wake mu mpingo umenewo unatha chaka chomwecho, ndipo kuyambira 1977 mpaka 1984 boma linamuletsa kuyenda ndi kuyankhula pagulu. Mu 1982 mgwirizano wa mipingo ya Reformed pa dziko lonse, utakumana ku Ottawa, unagamula kuti kuikira kumbuyo tsankho ndi chiphunzitso chonyenga. Mu 1985 abusa ndi akatswiri a zaumulungu, ambiri a ku Soweto, anatulutsa chikalata cha Kairos chodzudzula boma pogwiritsa ntchito Aroma 13, ya kumvera olamulira, ngati chishango cha nkhanza. Msewu umene unkatchedwa D.F. Malan Drive lero ndi Beyers Naudé Drive, ndipo ambiri a ife timadutsamo m'mamawa popita ku maganyu.

Kwathu tinaona zofanana. Kalata ya mabishopu a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992 inayankhula za umphawi, maphunziro, zipatala ndi kumangidwa popanda mlandu, itatsamira pa chikhulupiriro chakuti munthu aliyense analengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Pa 14 June 1993 tinali pa mzere wa referendamu. Amene amati malemba alibe malo pa nkhani za dziko afotokoze kaye za kalata imeneyo. Chimene ndimaona pa kalatayo n'chakuti mabishopu sanangoponya mavesi n'kukhala pansi. Anatchula zinthu zimene Msilamu, wa Mboni ndi wosapemphera yemwe ankaziona ndi maso ake.

Tsono vesi lili ndi malo kapena ayi? Yankho langa n'lakuti tiyambe tafunsa kuti tikuyankhula ndi yani, ndipo funso lili pamphasa ndi lotani.

Pakati pa anthu a buku limodzi, pa nkhani ya chikhulupiriro ndi khalidwe, vesi ndi umboni weniweni. Msonkhano wa akulu a mpingo wokambirana za ubatizo sungapite patali popanda malemba. Koma ngakhale pamenepo, kutchula vesi ndi kutsegula nkhani, si kuitseka. Pa Mateyu 4, Satana yemwe anatchula Salimo 91 pouza Yesu kuti adziponye pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, ndipo analitchula bwinobwino. Yesu sanakane kuti lembalo lilipo, anayankha kuti kwalembedwanso. Munthu akandipatsa vesi, ndili ndi ufulu womufunsa kuti linalembedwera yani, mavesi oyandikana nalo akuti chiyani, ndipo malemba ena akuti chiyani pa nkhani yomweyo. Kufunsa kotere si kupanda chikhulupiriro.

Pakati pa anthu a mabuku osiyana, vesi limasintha ntchito. Limauza mnzanu pamene inu mwayima ndi chifukwa chake nkhaniyo ikukukhudzani, ndipo zimenezo n'zofunika kuzimva. Koma silingamumange iye. Mkhristu amene amakwiya kuti Msilamu sanagonjere Yohane 14:6 adzifunse ngati iye angagonjere sura ya Qur'an chifukwa chongoimva. Apa wokhulupirira ali ndi ntchito ina: kunena chimene vesilo likuteteza, m'mawu amene mnzake angawayese. Levitiko 19:33-34 imati mlendo wokhala pakati panu musamuzunze, mumukonde monga mudzikonda nokha. Qur'an 49:13 imati anthu anapangidwa mitundu ndi mafuko kuti adziwane. Mu May 2008 chipolowe chothamangitsa alendo chimene chinayambira ku Alexandra chinapha anthu 62, ndipo m'zaka zimenezo tchalitchi cha Central Methodist m'katikati mwa tawuni, pansi pa Bishopu Paul Verryn, chinkagoneka alendo masauzande, ambiri a ku Zimbabwe. Malemba anasuntha anthu kutsegula zitseko. Koma pokambirana ndi mnyamata wa ku Soweto amene wakhala zaka osapeza ntchito, ndipo akukhulupirira kuti ife tinamulanda, Levitiko yekha sakwanira. Muyenera kukamba naye za malipiro, za mabwana amene amalemba mlendo wopanda mapepala chifukwa sangadandaule kulikonse, za amene akupindula anthu osauka akamamenyana.

Pa nkhani zofuna kuyeza ndi kuwerenga, vesi silingalowe m'malo mwa umboni. Ngati funso ndi lakuti mankhwala a ma ARV amagwira ntchito kapena ayi, yankho lili kuchipatala. Munthu amene amauza wodwala kuti ataye mankhwala chifukwa kwalembedwa kuti ndi mikwingwirima yake tinachiritsidwa akuseweretsa moyo wa mnzake, ndipo ine sindimuona ngati wachikhulupiriro chachikulu kuposa namwino amene amapemphera m'mawa n'kupita kukagawa mankhwalawo.

Pa malamulo a dziko, makolo achimalawi kuno ayenera kutchera khutu. Gawo 15 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limateteza ufulu wa chipembedzo, koma khoti lalikulu loona za malamulowa, limene lili ku Constitution Hill ku Braamfontein, lasonyeza malire ake. Mu 2000 sukulu za Chikhristu zinapempha kuti ziloledwe kukwapula ana, zikutsamira pa buku la Miyambo. Khoti linavomereza kuti chikhulupiriro chawo n'chochokera pansi pa mtima, koma linasiya chiletso cha m'lamulo la sukulu la 1996 chili chomwecho. Pa 18 September 2019 khoti lomwelo linagamula kuti ngakhale kholo m'nyumba mwake silingadziteteze ponena kuti linamenya mwana pomulanga mwachikondi. Mlanduwo unayambira konkuno ku Johannesburg, bambo atamenya mwana wake wa zaka 13. Wolemba chigamulocho anali Mogoeng Mogoeng, mkulu wa oweruza amene aliyense ankadziwa kuti ndi Mkhristu wolimba ndiponso mlaliki. Miyambo 13:24 ankaidziwa, koma pampando wa khoti anagamula potengera ufulu wa mwana wosachitidwa nkhanza, ulemu wake monga munthu, ndi mfundo yakuti njira zina zolangira zilipo. Bambo wa ku Ntcheu amene akulera ana ake ku Cosmo City angatsutsane ndi chigamulochi mumtima mwake, angachikambe ku mpingo, koma vesi silidzamutulutsa m'manja mwa apolisi.

Ndibwerere m'galaja muja. Mnyamata wa sukulu ananena zoona pa chinthu chimodzi: ndalama za m'thumba la gulu zinasonkhedwa ndi Akhristu, Asilamu ndi ena osapemphera pa pangano lolembedwa, ndipo vesi la munthu mmodzi silikanatha kumasula pangano limenelo. Pamene ndikusiyana naye ndi poganiza kuti mavesiwo anali phokoso chabe. Popanda funso la mayi aja la Msamariya, ndi mawu a achimwene a ku Mangochi, tikanawerenga lamulo la miyezi itatu, kutseka kaundula n'kubalalika. Malemba ndiwo anatikumbutsa kuti kupatula funso la thumba, panali funso lina la thupi la mwana wa munthu limene linali m'nyumba yachisoni, mayi ake akudikira kumudzi.

Tinakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Thumba la gulu sitinalikhudze. Tinayendetsa mbale, aliyense kuponya mwa kufuna kwake, ndipo mkulu wa mpingo uja ndi amene anayamba kuponya. Ena anatengako mapepala kukasonkhetsa ku mipingo yawo ndi ku mzikiti Lachisanu. Pa msonkhano wotsatira tinasintha lamulo lija: amene ntchito yamuthera auze mlembi, ndipo adzasungiridwa malo miyezi isanu ndi umodzi. Mnyamata wa sukulu ndi amene analemba mawu a lamulo latsopanolo. Thupi linanyamuka patapita masabata awiri, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ndipo awiri a ife anaperekeza mpaka kumudzi.